Akuti Tsabola Wakale Sawawa

Mwambi wa tsabola wakale timauponya tikafuna kumutsitsa munthu amene tikuyesa kuti nthawi yake inatha: mfumu imene anailanda ufumu, mphunzitsi wopuma amene akufunabe kulangiza ana a eni, mwambo wa makolo umene achinyamata saulabadiranso. Koma umamvekanso pa nkhani ya nsalu, ndipo pamenepo ndi pomwe umandiwawa ine. Mayi wa imvi akanyamula chitenje chofiira pamsika wa ku Thambani n'kuchiika pachifuwa kuti aone ngati chikumukhala, sipalephera wina wolankhula chapansipansi: "Agogo, chimenecho n'cha atsikana. Tengani ichi chodekha." Chodekhacho chimakhala chotuwa, kapena cha khaki, kapena chakuda chimene chayamba kusuluka chisanaone ndi madzi omwe. Agogo aja, poopa kutchedwa nkhalamba yosadziwa msinkhu wake, amabweza chofiira chija pamulu.

Amene anasinjapo tsabola wouma mu mtondo akudziwa kuti mwambiwu sunanene zonse. Tsabola akauma amakwinyika ndithu, koma kufiira kwake kumazama, ndipo ukangoponya munsi kawiri katatu, amene ali kuseri kwa nkhokwe amayamba kuyetsemula. Kukwinyika ndi kwina, kuzilala ndi kwina. Ife taziphatikiza ziwirizi, ndipo amayi athu akuvala kulakwitsa kwathuko m'thupi.

Taganizirani za mayi amene lero ali ndi zaka 70 kumapiri a kumalire ndi Mozambique, m'mbali mwa nkhalango ya Thambani m'boma la Mwanza. Anabadwa dziko likadali Nyasaland. Agogo ake ankavala biliwita yomanga m'khwapa, kapena melekano woyera amene ankada ndi utsi wa m'khitchini. Kukongola kwawo kunali m'mikanda, m'mphini za kumaso, ndi m'mafuta a nsatsi amene ankakazinga, kusinja ndi kuwiritsa okha mpaka mafutawo atayandama. Sankasankha mitundu chifukwa m'sitolo munalibe zambiri zoti n'kusankhapo. Mayiyu pofika pa utsikana, fakitale ya David Whitehead ku Blantyre inali itayamba kutulutsa zitenje zamaluwamaluwa, ndipo zinkaoneka ngati nthawi yosankha yafika. Koma mu 1973 boma linakhazikitsa lamulo la kavalidwe loletsa akazi kuvala buluku kapena siketi yosaphimba mawondo, ndipo nsalu yolemekezeka koposa zonse inali ya mbumba, ya nkhope ya Kamuzu, imene mayi ankayenera kukhala nayo kuti akavine pamsonkhano.

Amalawi ambiri dzina la Thambani amalidziwa chifukwa cha May 1983, pamene nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anaphedwera m'dera limeneli, boma n'kulengeza kuti inali ngozi ya galimoto. Mayi wathu uja nthawi imeneyo anali ndi mwana kumsana. Anaphunzira, monga anzake onse, kuti munthu amapulumuka posaonekera. Usakweze mawu, usafunse, usasiyane ndi gulu ngakhale pa chovala. Phunziro lotere silichoka m'mafupa chifukwa choti boma lasintha.

Matipate atabwera pambuyo pa riferendamu ya 1993, lamulo la kavalidwe lija linachoka, koma mitundu inagawanidwa ndi zipani. Chikasu chinakhala cha UDF, pambuyo pake buluu wa DPP, olenji wa PP. Mayi akamanga duku lachikasu chifukwa choti likumukhala, anthu ankayamba kumufunsa za ndale. Ku tchalitchi, wa Mvano ali ndi bulauzi yoyera, duku loyera ndi siketi yakuda. Wa Chikatolika ali ndi chitenje cha bungwe lake. Paukwati komiti imasankha nsalu imodzi ya onse. Bambo akamwalira, m'mabanja ambiri mayi amalowa m'zakuda kwa miyezi. Sindikunyoza yunifolomu ayi. Amayi a Mvano akamatsika chitunda kulowera kusiwa, zoyera zili mbee, mtima wa wofedwa umakhala pansi asanayambe n'kuyimba komwe. Chimene ndikunena n'chakuti mayi uyu wavala mitundu ya boma, ya chipani, ya mpingo, ya komiti ndi ya imfa, ndipo mwina chibadwire palibe anamufunsapo kuti, "Kodi inuyo mumakonda mtundu wanji?" Tsopano ana akula, apongozi amene ankawaopa anagona kale, palibenso womuwerengera masitepe akamapita kumsika. Kwa nthawi yoyamba angathe kusankha yekha, ndipo ndi pomwe ife tikumuuza kuti tsabola wakale sawawa.

Komabe akulu sankaponya mwambi pachabe. Thupi limasintha, ndipo mtundu umene unkakukhala uli ndi zaka 25 ungathe kukukana uli ndi zaka 65. Tsitsi limachita imvi chifukwa timaselo ta m'mizu yake, timene timapanga melanin wodetsa khungu ndi tsitsi, timachepa mphamvu. Khungu limapyapyala ndipo limatulutsa mafuta ochepa, makamaka mayi akasiya kusamba. Khungu lakuda likauma limatuwa msanga, ndipo m'chisanu cha June ndi July kutuwako kumaonekera patali. Pansi pa maso pamadera, m'masaya mumamera timadontho, milomo imaphwa, nsidze zimasosoka. Mtsikana ngakhale avale chiguduli nkhope yake imawalabe yokha. Nkhope ya munthu wamkulu imadalira kwambiri nsalu imene yayandikana nayo.

Apa ndiye pamene langizo la "tengani chodekha" limalakwira. Nsalu yotuwa ikakhala pansi pa chibwano cha munthu wotuwa kale, kutuwako kumawirikiza, ndipo anthu amayamba kufunsana ngati agogo adwala. Khaki, mtundu wa phulusa, kirimu wodetsedwa ndi chakuda chosuluka cha pakaunjika zimaikalambitsa nkhope kuposa zaka zake. Imene imadzutsa khungu ndi mitundu yozama: maruni, pepo wakuda, buluu wa inki, wobiriwira wa masamba okhwima a mango, chikasu chakupsa cha nachesi wa ku Mwanza konkuno. Imvi nazo zili ndi mitundu yozikonda. Ikani duku la buluu wozama pamutu pamene imvi zikusuzumira m'mbali mwa makutu, muona kuti imvizo zayera n'kuoneka ngati munthu anachita kuzikonza dala. Ikanipo duku la khaki, zioneka ngati zadetsedwa ndi fumbi. Choyera chenicheni, choyera mbee chochapidwa bwino, chimamukhala pafupifupi wamkulu aliyense wa khungu lakuda, n'chifukwa chake amayi ambiri amawala kwambiri tsiku la Mvano kuposa tsiku lina lililonse.

Ndiponso khungu lakuda si limodzi. Lina pansi pake pali kufiirira, lina pali chikasu, lina n'lakuda bii moti dzuwa likaliwomba limachita ngati likubiriwira. Wofiirira uja zimamukhala za mtundu wa njerwa yootcha, za golide ndi za olenji. Wakuda bii uja amawala m'buluu, m'pepo, m'pinki wozama ndi m'zoyera. Ku America, mayi wina dzina lake Carole Jackson anatulutsa mu 1980 buku lotchedwa Color Me Beautiful, limene linagawa akazi m'magulu anayi potsata nyengo zinayi za kwawoko, ndipo nzeru imeneyi yabwereranso masiku ano pa TikTok. Akazi akuda ambiri ankangowaunjika m'gulu limodzi kapena awiri, ngati kuti tonse tinaumbidwa ndi dothi la dambo limodzi. Koma chimake cha njirayo, chomwe ndi kuika nsalu pansi pa chibwano n'kuona chimene ikuchita ku nkhope, amayi athu akhala akuchichita pamsika popanda buku.

Azakhali anga ena amachita motere. Sagula chitenje pansi pa lona, chifukwa lona ya buluu imanamiza maso: chilichonse pansi pake chimaoneka chozizira. Amauza wogulitsa kuti, "Mwananga, ndituluke nacho panja ndichione bwino," iye n'kuyankha kuti, "Tulukani nacho, amayi, simungathawe." Amapita pamthunzi wa mtengo, osati padzuwa lenileni limene limachititsa munthu kutsinzina. Amachipinda pawiri, kuchiponya paphewa, kuchikokera m'khosi. Kenako amanyowetsa kansonga ndi malovu n'kukatikita pachikhatho kuti aone ngati utoto ukuchoka, n'kufikisa nsaluyo pakati pa zala kuti amve ngati kulimba kwake n'kwa thonje kapena n'kwa sitachi amene adzathere m'madzi oyamba. Galasi sakhala nalo. Galasi lawo ndi mnzawo wa kumpingo amene amapita naye, yemwe sanyengerera: "Achemwali, chimenecho chakudyani nkhope. Tayesani chija cha masamba." Akachiyesa, mnzawoyo sanena kanthu, amangoomba m'manja kamodzi, ndipo malonda atha.

Mnzawo ameneyu ndi wofunika pa chifukwa chinanso. Diso nalo limakalamba. Kagalasi ka m'kati mwa diso kamayamba kuchita chikasu, kotero kuti buluu wakuda, pepo ndi chakuda zimavuta kusiyanitsa, ndipo amene ayamba ng'ala amaona mitundu yonse itazilala. Wamkulu akavala zosagwirizana, nthawi zina si kuti sadziwa kutchena, koma kuti maso amunamiza m'chipinda cha mdima. Mdzukulu amene angamuuze mwaulemu kuti, "Agogo, duku ili ndi bulauzi iyi zikukangana, ndikutengereni lija la maruni," wachita ntchito yaikulu kuposa woseka kuseri. Ndipo ngati mitundu yayamba kuzilala m'maso, ku chipatala ng'ala amachotsa.

Wina anena kuti zonsezi n'za anthu a ndalama, pomwe ku Thambani munthu amadikira kugulitsa nandolo kapena manachesi kuti agule nsalu imodzi pachaka. Ndiye chifukwa chake kusankha kuli kofunika kwambiri kumeneko kuposa ku Blantyre. Wa nsalu khumi akalakwitsa imodzi sizimupweteka. Wa nsalu imodzi akalakwitsa, ndiye kuti chaka chonse avala chomukana. Pamulu wa kaunjika belo likangotsegulidwa, manja amathamangira chilichonse chowala, ndipo akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Wamkulu wodziwa mitundu yake iwiri kapena itatu sagwa chagada, amadutsa zina zonse n'kutola chake. Komanso chimene chimalamulira nkhope ndi chokhacho chimene chayandikana nayo: duku, bulauzi, mkanda wa m'khosi, ndolo. Chitenje cha m'chiuno chingakhale cha chipani, cha bungwe la katemera kapena cha kampani ya feteleza, sichiononga kanthu. Kandalama kochepa kapite pa duku ndi bulauzi.

Pa zodzoladzola akulu anatisiyira mwambi wina: bongololo sadzolera mafuta pagulu. Timamuona akunyezimira, koma palibe anamuonapo akudzola. Kuphoda kwa munthu wamkulu kumakoma kukakhala kotero, anthu aziona kuti mayi akuwala koma osaona chimene chamuwalitsa. Chiyambi chake ndi mafuta, osati paudala. Vaseline, gilisalini wosakaniza ndi timadzi, kapena mafuta a nsatsi omwe aja, wodzola atangosamba khungu lisanaumiretu, amachita zambiri kuposa botolo lililonse lodula. Paudala pa nkhope ya makwinya amakakhala m'mizere, n'kuonetsa mzere uliwonse umene munthu amafuna kubisa. Choipanso n'chakuti paudala wopezeka m'magolosale a kumudzi nthawi zambiri amakhala woyererapo kuposa khungu lathu, ndiye nkhope imatuwa khosi lili lakuda. Vutoli si la kumudzi kokha. Pamene woimba Rihanna anatulutsa zodzola za Fenty Beauty mu 2017 zili m'mitundu 40 ya khungu, dziko lonse linazizwa, chifukwa makampani akuluakulu anali atakhala zaka zambiri akupangira akazi akuda mitundu yowerengeka chabe. Wofuna paudala aziyesa m'mphepete mwa chibwano, osati kuseri kwa dzanja, ndipo akasowa wofanana ndi khungu lake ndi bwino kungomusiya. Lipisitiki wa pinki woyera amaumitsa milomo yophwa kale. Wofiira modera, wa mtundu wa nthudza zakupsa kapena wa khofi, wopaka pang'ono pamwamba pa mafuta, amaibwezera moyo. Wanja nayenso achepe. Nsidze zojambula zakuda bii pa nkhope yofewa zimaoneka zokalipa ngakhale mwini wake akuseka.

Chimodzimodzi dayi wa tsitsi, ndipo apa abambo ali momwemo. Mutu wakuda bii pamwamba pa nkhope ya zaka 70 subisa zaka, umazilengeza. Dayi wakuda wambiri ali ndi mankhwala otchedwa PPD amene ena amawatupitsa nkhope ndi kuwatulutsa zilonda m'mutu. Wofuna kudaya adaye, mutu ndi wake, koma ayambe wayesa kadontho kuseri kwa khutu n'kudikira masiku awiri.

Pali gulu lina la amayi limene ndimalimvera chisoni kwambiri. Ndi aja amene ali atsikana anauzidwa kuti mkazi wokongola ndi woyera, n'kuyamba mafuta oyeretsa khungu. Mafuta otere amakhala ndi hydroquinone, mercury, kapena mankhwala amphamvu a pakhungu monga clobetasol ndi betamethasone, amene amayenera kuperekedwa ndi dokotala yekha. Zaka zoyamba nkhope imayera, anthu n'kumayamikira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Madokotala a ku South Africa anafotokoza kale mu 1975 za zigamba zakuda zokhakhala zimene zimamera m'masaya ndi pachipumi mwa odzola hydroquinone nthawi yaitali, ndipo dzikolo linaletsa mankhwalawa m'zodzola mu 1990. Mercury amaononga impso. Mankhwala enawo amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kuonekera, bala osapola msanga. Koma mabotolowa akudutsabe m'malire n'kumagulitsidwa pamisika yathu. Anthu amawaseka amayi otere kuti ndi Fanta kumaso, Coca-Cola kumiyendo. Ine sindiona choseketsa. Amene ankawayamikira ali oyera ndi omwewo akuwaseka lero. Mayi wotere asaonjezere botolo lina pofuna kufufuta zigambazo, chifukwa zimangodera. Apite ku chipatala akamuuze kasiyidwe kake, aziteteza nkhope ku dzuwa ndi chipewa kapena ambulera, ndipo nayenso duku la mtundu wozama limuthandiza kuposa paudala wochindikala, chifukwa diso la woona limathamangira ku nsalu.

Nkhani ya mitunduyi ikukhudzanso m'mene timaonera okalamba. Mu January 2016, ku Neno, boma limene kale linali mbali ya Mwanza, okalamba anayi anaphedwa ndi anthu a m'mudzi mwawo powaganizira ufiti mphenzi itapha mtsikana. Sindikunena kuti chitenje chikanawapulumutsa. Koma munthu amene tamuzoloweza kukhala m'sanza, kuseri kwa nyumba, wotuwa, wosaonekera, timayamba kumuona ngati salinso mnzathu, ndipo chala chimalozeka mosavuta kwa wotero. Mayi wamasiye akavula zakuda n'kuvala chofiira, ena amati akufuna amuna. Akakhala m'zotuwa, amati akuoneka ngati mfiti. Nanga avale chiyani? Dziko lino linaona Joyce Banda akulumbira kukhala Pulezidenti mu April 2012 ali ndi zaka zoposa 60, ndipo zaka zonse za utsogoleri wake anayenda m'maiko a eni atavala zitenje zowala ndi duku lake. Miyezi itatu iye asanalumbire, mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anali akuvula amayi ovala mabuluku m'misewu. Dziko lomwelo, chaka chomwecho. Chimene tinavomera kwa mayi wa ku nyumba ya boma tisachikane kwa mayi wa ku Thambani.

Pafupifupi m'nyumba ya gogo aliyense muli sutikesi pansi pa bedi kapena pamwamba pa mtanda. Mukaitsegula mumamva fungo la sopo amene anaikamo kuti njenjete zisalowe, ndipo pansi pa makadi a kuchipatala ndi zithunzi zakale mumapeza zitenje zatsopano, zina zikadali ndi kapepala ka kufakitale. Izi ndi zabwino koposa zonse zimene ali nazo: waksi wochokera ku Zobue, china chimene mwana anatumiza kuchokera ku Johannesburg, china cha paukwati wa mdzukulu. Mukafunsa amati, "N'zosungira tsiku." Tsikulo tonse tikulidziwa. Zidzatuluka anthu atasonkhana pabwalo, zina kukulunga thupi, zina kuyala pabokosi, zotsala kugawana achibale. Kukonzekera ulendo womaliza ndi ulemu, ndipo chitenje chimodzi kapena ziwiri zisungidwe ndithu. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Zimandipweteka kuona mtundu umene ukanamuwalitsa mayi kwa zaka khumi ukuonekera koyamba pa tsiku limene iye sangauone.

Pa 15 October, tsiku la anakubala, mabasi ndi njinga zamoto zimadzaza ndi timaphukusi topita kumidzi, ndipo mphatso yaikulu imakhala chitenje. Ana ambiri amagula chimene chatchuka chaka chimenecho, kapena chimene iwo akuganiza kuti n'choyenera munthu wamkulu, ndiye kuti chodekha chija. Ndi ochepa amene amayamba aimba foni n'kufunsa kuti, "Amayi, chaka chino mukufuna cha mtundu wanji?" Poyamba adzakana, adzati, "Chilichonse mwanawe, bola nsalu," chifukwa ndi m'mene anaphunzirira kuyankha. Funsaninso kachiwiri. Afunseni za chitenje chimene anachikondapo kwambiri ali mtsikana, adzakuuzani mtundu wake, maluwa ake, ngakhale sitolo imene anachiona. Zithunzi za pa WhatsApp zimasintha mitundu, choncho ngati n'kotheka atumizireni ndalama akasankhe okha ndi mnzawo uja. Ndipo muikepo ya telala, mumuuze asoke bulauzi ya khosi lotseguka pang'ono, yosathina m'mikono, chidutswa chotsala achipinde m'mphepete chikhale duku.